Chenjezo kwa Ogula Galimoto Zakale Zaliwiro: Yang'anani Kunsi Musanalipire

Chenjezoli likupita kwa aliyense amene wayamba kusirira galimoto zakale zaliwiro, zija za mipando iwiri ndi denga la nsalu lopindika, monga MG, Triumph, Jaguar, Alfa Romeo ndi Mercedes-Benz SL. Likupita makamaka kwa abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa, kumene galimotozi zimatsatsidwa tsiku ndi tsiku pa Facebook Marketplace, pa eBay ndi ku okushoni, komanso kwa amene ali kumudzi koma akuganiza zoitanitsa. Musatulutse ndalama, ngakhale ya dipoziti, musanachite zinthu zitatu: kuona kunsi kwa galimotoyo, kufananiza manambala ake ndi mapepala, ndi kufufuza mtengo umene zinzake zagulidwira posachedwa. Pa galimoto za msinkhu umenewu, yotchipa kwambiri ndiyo kawirikawiri imamaliza ndalama m'thumba.

Chitsanzo chathu chikhala MGB, chifukwa ndiyo imene munthu woyamba kumene amakumana nayo msanga. Inapangidwa ku Abingdon, pafupi ndi Oxford, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zonse pamodzi zinaposa 500,000. Masipeyala ake amapezeka mosavuta mpaka lero, ndipo mtengo wake suopsa ngati wa Jaguar E-Type. N'chifukwa chake anthu ambiri amapwetekera pa iyoyo. Zambiri zimene tinene pa MGB zimagwiranso pa Triumph Spitfire, TR6, Datsun 240Z ndi zina zotere.

Boma silikuziyezanso

Ku Britain galimoto wamba imayesedwa chaka chilichonse pa mayeso a MOT, ofanana ndi COF ya kwathu. Koma kuyambira mu May 2018, galimoto yopitirira zaka 40 imene sinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kupita ku mayesowa. MGB yomaliza inatuluka mu fakitale mu October 1980, kotero lero zonse zadutsa msinkhu umenewo. Tanthauzo lake n'lakuti galimoto ikhoza kukhala pamsewu mwalamulo, pamene palibe katswiri amene wayang'ana mabuleki ake kapena kunsi kwake kwa zaka zambiri.

Ogulitsa amaitchula nkhaniyi ngati mwayi. Amalemba kuti siifuna MOT, siilipira msonkho wa pamsewu, ndipo siilipira chindapusa cha utsi mu London. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chikunena kuti galimotoyo ndi yolimba. Lamulo likunenabe kuti woyendetsa ndiye ali ndi udindo woonetsetsa kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, ndipo wopezeka ndi yoopsa pamsewu akhoza kulipira mpaka £2,500. Wogulitsa wokhulupirika amapititsa galimoto yake ku MOT mwa kufuna kwake. Muuzeni wanuyo achite zimenezo musanakambirane mtengo. Akakana, mwadziwa kale kanthu. Lembaninso nambala ya galimotoyo pa tsamba la boma la GOV.UK, pamene mbiri ya MOT kuyambira 2005 imaoneka kwaulere, pamodzi ndi zolakwika zimene oyeza anapeza ndi mtunda umene galimotoyo inali itayenda chaka ndi chaka.

Mtengo wotsatsira si mtengo wogulira

Cholakwika chofala n'kutsegula masamba a malonda, kuona mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, n'kuganiza kuti msika waudziwa. Imeneyo ndi mitengo imene eni ake akulakalaka. Galimoto imene yakhala pa malonda miyezi yambiri osagulidwa ikukuuzani kuti mtengo wake palibe akuuvomera. Chimene mukufuna ndi mitengo imene ndalama inasinthadi manja. Nyumba za okushoni monga Bonhams, ndi masamba monga Car & Classic, Collecting Cars ndi Bring a Trailer, zimaonetsa zotsatira za malonda amene anatheka, zithunzi zake zili pomwepo. Pezani zingapo za chaka chomwecho, mtundu womwewo, za m'dziko lomwelo, zogulidwa m'miyezi yaposachedwa. Kumbukirani kuti ku okushoni wogula amaonjezera ndalama ya nyumbayo pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwera.

Kampani ya inshulansi ya Hagerty imafalitsa mitengo ya galimoto zakale poziika m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la galimoto yopanda banga, yoyenera kupambana pa chionetsero. Lachiwiri ndi la yabwino kwambiri, lachitatu la yabwino yoyendera, ndipo lachinayi la yoyenda koma yooneka kutopa. Pakati pa gulu loyamba ndi lachinayi mtengo umasiyana kangapo konse. Pafupifupi mwini aliyense amaika galimoto yake gulu limodzi pamwamba pa pamene ili. Nthawi zambiri saname dala, amangoikonda. Ntchito yanu ndi kuibweza m'gulu lake lenileni.

Chenjeraninso ndi mawu akuti galimoto zakale sizitsika mtengo. Wogulitsa akhoza kukukumbutsani za Mercedes-Benz 300 SLR ya denga lachitsulo imene inagulidwa pa mayuro 135 miliyoni mu May 2022. Galimoto za mtundu umenewo zinapangidwa ziwiri zokha, ndipo nkhani yake siikhudza MGB imene inapangidwa zikwi mazana asanu. Msikawu unagwapo kale. Enzo Ferrari, amene anayambitsa kampani ya galimoto za Ferrari, atamwalira mu August 1988, mitengo inakwera mopenga, anthu n'kumagula ndi ngongole za kubanki poyembekezera phindu. Pofika 1991 mitengo inali itagwa, ndipo ambiri anagulitsa pa theka la ndalama zimene analipira, ena kucheperapo. Gulani chifukwa mukuifuna galimotoyo ndipo mungathe kuisamala. Ndalama ya fizi ya ana kapena yomangira nyumba isalowe pamenepa.

Dzimbiri ndilo limalamula mtengo

Injini ya MGB, ya 1798cc, ndi yosavuta, ndipo makaniko wodziwa makabuleta akhoza kuikonza. Chimene chimapha galimotozi ndi dzimbiri. MGB ilibe chasisi yapayokha ngati lole. Bodi yonse ndiyo imanyamula kulemera, ndipo mphamvu yake yagona pa mitanda iwiri ya chitsulo imene ili m'munsi mwa zitseko. Mtanda uliwonse uli ndi zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi, zina zobisika m'kati, ndipo umaola kuyambira m'katimo. Mukaona matuza pa penti kunja, dziwani kuti za m'kati zinatha kale. Pa galimoto yopanda denga lachitsulo, mitandayi ikaola palibenso china choigwira pakati. Ikachita ngozi imapindika ndi anthu ali momwemo.

Ku Britain amathira mchere m'misewu nyengo yozizira pofuna kusungunula madzi oundana, ndipo mcherewo umadya chitsulo chaka ndi chaka. Ku South Africa galimoto imene yakhalitsa m'mbali mwa nyanja, ku Durban kapena ku Cape Town, imakhala pa chiopsezo choposa imene yakhala ku Johannesburg kouma. Funsani kumene galimotoyo yakhala moyo wake wonse, ndipo mapepala atsimikize.

Pitani masana, kunja kuli kouma, chifukwa mvula ndi magetsi a m'galaja zimabisa zilema. Tengani tochi, maginito aang'ono okulunga m'kansalu, ndi zovala zogonera pansi. Yendetsani maginitowo m'munsi mwa zitseko, m'mbali mwa matayala ndi kuzungulira nyali zakutsogolo. Pamene sakugwira pali fila, phala lija amatira mabowo asanapake penti. Kwezani makapeti muone pansi popondapo. Kuseri kwa mipando kuli malo a batire, ndipo MGB zakale zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6 pamenepo. Asidi ndi madzi zimaoletsa malowo. Yang'anani pamene masipuling'i akumbuyo amangiriridwa ku bodi. Onani mipata ya zitseko ngati ili yofanana kumwamba ndi kumunsi, kenako pemphani kuti galimoto ikwezedwe ndi jeke mbali imodzi, mutsegule ndi kutseka chitseko. Chikayamba kukakamira, bodi ikupindika.

Phula lakuda latsopano lopakidwa kunsi konse, kapena penti wonyezimira wa mwezi watha pa galimoto yopanda malisiti a ntchito, zikuopseni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anakonzetsadi galimoto yake amakhala ndi zithunzi zoonetsa chitsulo chisanapentedwe, ndi malisiti a galaja imene inagwira ntchitoyo. Mawu akuti "inakonzedwa yonse" opanda zithunzi ndi malisiti asawonjezere ngakhale paundi imodzi pa mtengo.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, dziwani kuti kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage imapanga bodi zatsopano za MGB pogwiritsa ntchito zipangizo zoyambirira za kufakitale. Bodi yokhayo, isanapentedwe, isanaikidwe injini, mipando kapena waya, imadya ndalama zofika pa mtengo wa MGB yabwino yoyenda kale. N'chifukwa chake odziwa amati gulani yabwino koposa imene thumba lanu lingakwanitse, ntchito yokonza ikhale kuti analipira mwini wakale.

Dziwani chimene mukugula

Galimoto ziwiri zooneka zofanana zikhoza kusiyana mtengo kwambiri. MGB ya denga la nsalu imadula kuposa GT ya denga lachitsulo, imene inayamba mu 1965. Za mabampala onyezimira achitsulo zimadula kuposa za mabampala akuluakulu akuda a labala, zimene zinayamba kumapeto kwa 1974 potsatira malamulo a ku America, ndipo zinakwezedwa pang'ono kuchoka pansi. Ambiri amachotsa mabampala akudawo n'kuikapo onyezimira. Kutero si mlandu, koma galimoto ya 1977 yovekedwa ngati ya 1969 igulidwe pa mtengo wa 1977. Zambiri zinatumizidwa ku America ndi chiwongolero kumanzere, ndipo zina zinabwerera ku Britain n'kusinthidwa. Za ku America za zaka zomaliza zinali ndi kabuleta imodzi ndi mphamvu zochepa, kotero funsani chimene chinasinthidwa ndi amene anachisintha.

Nambala ya chasisi imanena zoona pamene wogulitsa akuzungulira. Pa MGB, yoyamba ndi GHN ndi ya denga la nsalu, yoyamba ndi GHD ndi GT. MGB GT V8 yeniyeni, imene inapangidwa 2,591 zokha pakati pa 1973 ndi 1976, nambala yake imayamba ndi GD2D1. Zilipo zambiri zimene anthu anaziika injini ya V8 pambuyo pake, ndipo siziyenera mtengo wa yochokera kufakitale. British Motor Museum ku Gaydon imapereka satifiketi yochokera m'mabuku a fakitale, yoonetsa tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti wake woyamba ndi kumene inatumizidwa. Za Jaguar zimaperekedwa ndi Jaguar Daimler Heritage Trust. Ndalama ya satifiketi ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye.

Abale a ku South Africa asamale ndi AC Cobra. Dzikolo limapanga zofanizira zabwino kwambiri, monga za Backdraft ndi Superformance, ndipo zimagulitsidwa poyera ngati zofanizira. Vuto limabwera munthu wachitatu akayamba kuzitcha zenizeni. N'chimodzimodzi ndi BMW 325iS, Gusheshe yotchuka ija: mabaji ndi mapulasitiki a m'mbali amagulidwa pashopu, nambala ya chasisi siigulidwa.

Injini ndi mtunda

Uzani wogulitsa asalize injini musanafike, ndipo mukafika igwireni ndi dzanja kuti muone ngati ili yozizira. Injini yotenthetsedweratu imabisa kugogoda ndi utsi. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Zoyera ngati phala pansi pa chitsekerero cha oyilo zikhoza kusonyeza kuti madzi akulowa m'mene sayenera. Injini ikatentha bwino pamsewu, geji ya oyilo ya MGB iziwerenga cha pa 50 mpaka 60. Yendetsani mtunda wokwanira, muyese magiya onse ndi mabuleki. Onani chaka chimene matayala anapangidwa, cholembedwa m'mbali mwake, chifukwa tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake akuoneka atsopano.

Kawotchi kowerenga mtunda kasakupusitseni. Kali ndi manambala asanu okha, ndipo kakafika 99,999 kamayambiranso pa ziro. Galimoto yoonetsa mamailosi 45,000 ikhoza kukhala itayenda 145,000. Popanda mapepala akale a MOT ndi malisiti otsatizana zaka, mtunda wochepa ndi nkhani chabe.

Masamu ake

Mtengo woyenera umapezeka pochotsera. Tengani mtengo umene galimoto yabwino ya mtundu womwewo yagulidwira, muchotsepo ndalama zonse zofunika kuti imene mukuionayo ifike pamenepo, muchotsenso ina ya zobisika, chifukwa wowotcherera akadula chitsulo amapeza zambiri kuposa zimene zinkaoneka.

Manambala awa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti zabwino zikugulidwa pa £10,000, ndipo yanuyo akuti £6,500. Makaniko wanu wapeza kuti kuwotcherera mitanda ndi pansi kudya £2,500, kupenta mbali zokonzedwazo £1,500, ndipo denga, matayala ndi mabuleki £1,000. Zakwana £5,000. Ikanipo £1,500 ya zobisika. Mtengo woyenera wa galimotoyo ndi £3,500. Mukalipira £6,500 poganiza kuti mwapulumutsa £3,500, mudzatha £13,000 pa galimoto imene msika udzaigula pa £10,000, mutadikiranso miyezi ili pa galaja. Lipirani katswiri woyima payekha kuti aiyeze, kapena pemphani thandizo ku kalabu ya eni galimotozo monga MG Owners' Club kapena MG Car Club. Makaniko wobwera ndi wogulitsa si mboni yanu.

Akathyali ndi lamulo

Pali malonda ena amene kumbuyo kwake kulibe galimoto n'komwe. Zizindikiro zake zimafanana. Mtengo umakhala wotsika modabwitsa. Zithunzi zimakhala zobedwa pa malonda akale. Mwini amati ali kunja kwa dziko, kapena galimoto inali ya malemu bambo ake ndipo akungofuna ichoke. Amati pali anthu ena akubwera madzulo, tumizani dipoziti kuti akusungireni, kapena lipirani ku kampani yonyamula katundu imene iye wasankha. Muuzeni akuimbireni pa vidiyo ataima pa galimotoyo, akuonetseni nambala ya chasisi. Wakuba amapeza chifukwa chokanira.

Ku Britain, kaoneni galimoto pa adiresi imene yalembedwa pa chikalata cha V5C, ndipo nambala ya pa chikalatacho ifanane ndi ya pa galimoto. Chikalatachi chimasonyeza wosunga galimoto, sichitsimikiza umwini. Lipirani kafukufuku wa HPI kapena wofanana naye kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole, inabedwa, kapena inshulansi inailemba kuti inawonongeka pa ngozi. Mukagula kwa wamalonda, Consumer Rights Act ya 2015 imakupatsani masiku 30 obweza galimoto yolakwika. Mukagula kwa munthu wamba, chitetezo chanu chachikulu n'chakuti galimoto ifanane ndi zimene analemba, choncho sungani chithunzi cha malondawo ndi mauthenga onse. Ku South Africa, mawu akuti voetstoots pa pangano la munthu wamba akutanthauza kuti mwaitenga mmene iliri, ndi zilema zake. Onaninso pa mapepala a NaTIS ngati yalembedwa Code 3, kutanthauza kuti inamangidwanso itawonongeka, chifukwa zimenezo zimatsitsa mtengo.

Ngati mukufuna kuibweretsa kumudzi

Mtengo wa ku Birmingham kapena ku Pretoria ndi chiyambi chabe. Onjezanipo sitima mpaka ku Durban, Beira kapena Dar es Salaam, kuinyamula mpaka ku Mwanza, Dedza kapena Songwe, wokuombolerani katundu, chilolezo cha apolisi, ndi kulembetsa ku Road Traffic kuti mupeze bulu buku. Msonkho wa MRA pa galimoto umakwera potengera ukalamba wake ndi kukula kwa injini, choncho funsani ku MRA komweko ndalama yake musanagule, osadalira mawu a dobadoba. Sipeyala iliyonse idzafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tsiku limodzi.

MGB yoyambirira imatalikirana ndi nthaka masentimita pafupifupi 13 okha, ndiye ganizirani mahampu ndi maenje a msewu wa kwanu. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala, zimene zingayambitse moto ngati sanasinthidwe. Injini zimenezi zinapangidwira petulo wa mtovu amene sagulitsidwanso, kotero funsani ngati mutu wa injini unakonzedwa kuti ugwirizane ndi petulo wa lero. Pomaliza, dzifunseni amene adzaigule kwa inu ku Lilongwe kapena ku Blantyre tsiku limene mudzafune ndalama mwachangu. Ogula galimoto zotere kwathu ndi ochepa, ndipo mtengo wa m'buku la ku London sugwira ntchito pamene wogula ali mmodzi.

Ngati mwalipira kale

Ngati mwatumiza ndalama ndipo wogulitsa wasowa, imbirani banki yanu nthawi yomweyo, chifukwa mwayi woimitsa ndalamazo umachepa ola ndi ola. Kanenani kupolisi, ndipo dziwitsani tsamba limene munaonapo malondawo kuti liwachotse. Musafufute mauthenga, nambala ya foni kapena risiti ya kubanki. Ngati munalipira wamalonda wa ku Britain ndi khadi la ngongole pa katundu wa pakati pa £100 ndi £30,000, kampani ya khadiyo ili ndi udindo pamodzi ndi wogulitsayo pansi pa gawo 75 la Consumer Credit Act, ndiye ilembereni. Ngati galimoto mwaitenga kale koma simunaione kunsi, musanyamulemo ana kapena kuiyendetsa pa liwiro mpaka itakwezedwa pa galaja ndi kuyezedwa mitanda, mabuleki ndi mapaipi a petulo. Manyazi asakutsekeni pakamwa. Uzani anzanu a kumpingo, a kuntchito ndi a m'magulu a WhatsApp dzina la malondawo ndi mmene anakulankhulirani, chifukwa zithunzi zomwezo zidzatsatsidwanso mawa pa dzina lina.